Zaka za Barack Obama m'nyumba ya malamulo ya Illinois: linali luso lake kapena anamukonzera njira?

A Mbewe: Abale ndi alongo, ndikupempha kuti tikambirane gawo la mbiri ya Barack Obama limene anthu ambiri amalidumpha, ndilo la zaka za pakati pa Januwale 1997 ndi Novembala 2004, pamene anali seneta wamba m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois. Ku America chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi bwanamkubwa wake ndiponso nyumba yakeyake ya malamulo, yosiyana ndi ya ku Washington, ndipo nkhani zambiri za apolisi, ndende, sukulu, misewu ndi misonkho zimagamulidwa kumeneko. Ya Illinois imakumana mumzinda wa Springfield, ndipo ili pawiri: mbali ina muli aphungu 118, mbali ina maseneta 59. Obama ankaimira dera la nambala 13, kummwera kwa mzinda wa Chicago, kumene ambiri mwa ovota ndi anthu akuda. Anthu omukonda amati zaka zimenezi ndizo zinamuphunzitsa kukambirana ndi adani ake mpaka kugwirizana nawo. Omutsutsa amati kwa zaka zisanu ndi chimodzi sanachite chachikulu, ndipo kuti zimene amatchuka nazo anachita kumupatsira pamanja m'chaka chimodzi chokha. Ine ndikupendekera ku mbali yoyambayo, koma ndikufuna kumva kwa inu.

A Gondwe: A Mbewe, tisanafike pa zimene anachita ali m'nyumbamo, tiyambe ndi mmene analowera, chifukwa pamenepo pali nkhani imene omukonda sakonda kuikamba. Mpando umenewo unali wa mayi Alice Palmer. Mu 1995 mpando wa phungu wa ku Washington unatsala wopanda munthu Mel Reynolds atatula pansi udindo, ndipo mayi Palmer anaganiza zokapikisana nawo kumeneko, nadalitsa Obama kuti alowe m'malo mwawo ku Springfield. Zinthu sizinawayendere: pa zisankho zachipulula za mu Novembala chaka chomwecho anagonja kwa Jesse Jackson Jr. Atabwerera kuti ateteze mpando wawo wakale, akuluakulu ena a m'deralo anapempha Obama kuti awasiyire, koma iye anakana. Lamulo linkafuna kuti aliyense wofuna kuima abweretse masiginecha 757 a ovota olembetsa a m'deralo. Mayi Palmer anasonkhanitsa awo mothamanga m'masiku ochepa, ndipo anthu a Obama anapita ku ofesi yoyendetsa zisankho nakayamba kuwunika dzina lililonse, kuyerekeza ndi kaundula wa ovota. Mayina ambiri anapezeka kuti ndi a anthu osalembetsa kapena okhala kunja kwa deralo. Mayi Palmer anachoka pampikisano mu Januwale 1996, ndipo ena onse amene ankafuna mpandowo anagwa mwa njira yomweyo. Obama anafika pa zisankho zachipulula ali yekha, ndipo m'dera limene chipani cha Democratic sichigonja, kumeneko kunali kupambana kale.

Mayi Nabanda: Zimene mwafotokozazo ndi zoona, a Gondwe, koma musaziike ngati kuti anachita chachilendo. Ine ndimakhala kuno ku Illinois, ndipo nyengo ya masiginecha timaiona ndi maso. Kukazizira, mumapeza anthu ataima pakhomo la sitolo kapena pokwerera sitima, atanyamula kabolodi kokhala ndi mapepala, cholembera chitamangidwa ndi chingwe, akufunsa aliyense wodutsa ngati analembetsa m'kaundula wa dera limenelo. Aliyense amene amadziwa ndale za ku Chicago amasonkhanitsa mayina owirikiza kawiri kapena katatu pa amene akufunika, chifukwa amadziwa kuti mnzake adzawapeta limodzilimodzi. Mayi Palmer sanali mlendo pa ndale, ndipo lamulo limeneli ankalidziwa. Funso lokhalo limene lingatsale ndi la ulemu, ngati kunali koyenera kuti mnyamata achite zimenezi kwa munthu amene anamutsegulira khomo.

A Gondwe: Funso la ulemulo ndilo langa, mayi. Munthu amene mu 1992 anatsogolera ntchito yolembetsa anthu akuda a ku Chicago m'kaundula wa ovota ndi yemweyo amene patapita zaka zinayi anachititsa kuti ovotawo asakhale ndi wina womusankha. Sanaphwanye lamulo, koma zimenezi zikutiuza kuti kuyambira pachiyambi anali wandale wouma mtima akafuna chinthu, wosiyana ndi chithunzi chimene dziko linadzaona pambuyo pake.

A Chisale: Kwathu ku Malawi nkhani yotere ikanathera kwina. Wogwetsedwa pa chipulula amangoima payekha, ndipo kawirikawiri amapambana: mu 2014 aphungu oima paokha analipo 52, ndipo mu 2019 anafika 55 mwa mipando 193. Kuno ku South Africa kumene ndili, nyumba za malamulo za zigawo zilipo zisanu ndi zinayi, koma kwakukulu anthu amavotera chipani, ndipo chipanicho ndicho chimandandalika mayina, kotero kuti munthu wa ku Gauteng sangakuuzeni dzina la phungu wa chigawo woimira dera lake. Ubwino wa ndondomeko ya ku Illinois ndi wakuti seneta ali ndi dera lodziwika malire ndi anthu oti akamufunse. Tiyeni tibwerere ku Springfield. A Mbewe, m'zaka zisanu ndi chimodzi zoyambazo anachita chiyani chogwirika?

A Mbewe: Choyamba tikumbukire kuti nthawi yonseyo nyumba ya maseneta inali m'manja mwa chipani cha Republican, motsogozedwa ndi James "Pate" Philip, ndipo kumeneko mtsogoleri wa nyumba ndiye amasankha bilu yoti ituluke m'komiti ndi yoti ifere momwemo. Seneta watsopano wa mbali yochepa akhoza kulemba mabilu abwino chaka ndi chaka osaona ndi imodzi yomwe ikuvoteredwa. Ngakhale zinali choncho, mu 1998 Obama anali m'kagulu kakang'ono ka aphungu a zipani zonse ziwiri kamene kanalemba lamulo loletsa mphatso, mothandizidwa ndi Paul Simon, amene anali atangopuma pa useneta wa ku Washington. Lamulolo lisanabwere, phungu wa ku Illinois ankatha kutenga ndalama za kampeni n'kugulira galimoto yake kapena kulipirira zosowa za pakhomo pake popanda mlandu. Lamulo latsopano linaletsa zimenezi, linachepetsa kwambiri mphatso zochokera kwa anthu olipidwa kuti azikopa aphungu, ndipo linalamula kuti opereka ndalama za kampeni azionekera poyera pa intaneti. Ntchito ya Obama inali yovuta koposa, yokakopa maseneta a chipani chake chomwe, anthu achikulire amene sanakondwe kuti mnyamata wobwera dzulo aziwaphunzitsa khalidwe. Mnzake wa chipani cha Republican pa ntchitoyo, Kirk Dillard, anafika poonekera mu uthenga wa kampeni ya Obama mu 2007 n'kumuyamikira. Mu 2000 anathandizanso kukhazikitsa lamulo lochepetsera msonkho mabanja ogwira ntchito za malipiro ochepa. Kwa munthu wa mbali yochepa, zimenezi si zazing'ono.

Mayi Nangozo: Ndiwonjezere kuti useneta wa chigawo si ntchito yaulemerero monga ena angaganizire. Kuchokera ku Chicago kukafika ku Springfield ndi ulendo wa makilomita opitirira 300, maola atatu ndi kupitirira pa msewu wodutsa m'minda ya chimanga, ndipo nyumbayo imakumana makamaka kuyambira Januwale mpaka Meyi. Obama ankagona kumeneko masiku apakati pa sabata, kenako n'kubwerera kukaphunzitsa malamulo ku University of Chicago. Madzulo ankatchova njuga ya makadi ndi maseneta anzake monga Terry Link, Denny Jacobs ndi Larry Walsh, azungu ochokera m'madera a kunja kwa Chicago, ndipo anaphunziranso gofu. Anthu amaseka zimenezi, koma amene ankamuvuta kwambiri m'nyumbamo anali maseneta akuda anzake a ku Chicago, makamaka Rickey Hendon ndi Donne Trotter, amene ankamuona ngati munthu wa ku yunivesite ya Harvard wodzimva, wosakulira m'mavuto a m'makwalala awo. Choncho ubwenzi anaupeza kumene sankayembekezeka, ndipo anzake a pa makadiwo anadzamuthandiza mu 2004 pamene ankafuna mavoti a kunja kwa mzinda.

A Gondwe: Pali nkhani ya batani lachikasu imene simunaitchule. Pa tebulo la seneta aliyense pali mabatani atatu: lobiriwira lovomereza, lofiira lokana, ndi lachikasu longosonyeza kuti munthu alipo koma sakuvomereza kapena kukana. Obama anadina lachikasu ka 129, ndipo zina mwa nkhanizo zinali zikuluzikulu, monga za kuchotsa pakati ndi za chilango cha ana opalamula milandu. Hillary Clinton anaidzutsa nkhaniyi pa kampeni ya 2008. Kwa ine, ameneyu ndi munthu amene ankasamala kuti asadzasiye mbiri yoti adani ake adzamugwire nayo.

A Tembo: A Gondwe, chiwerengerocho ndi cholondola, koma chiyenera kuikidwa pambali pa mavoti pafupifupi 4,000 amene anaponya m'zaka zonsezo. Komanso tiyenera kumvetsa mmene nyumbayo imawerengera. Bilu imadutsa pokhapokha itapeza mavoti 30 ovomereza mwa maseneta 59, mosaganizira kuti okana ndi angati. Motero batani lachikasu limagwetsa bilu mofanana ndi lofiira, ndipo aliyense m'nyumbamo amadziwa zimenezi. Pa mabilu oletsa kuchotsa pakati, bungwe la Planned Parenthood la ku Illinois, loteteza ufulu wa amayi wochotsa pakati, linanena poyera kuti ndilo linapempha maseneta a madera otetezeka, Obama mmodzi wa iwo, kuti adine lachikasu, pofuna kuti anzawo a madera ovuta athe kuchita chimodzimodzi popanda kuoneka kuti ali okha. Nthawi zina ankatero posonyeza kuti cholinga cha bilu akugwirizana nacho koma kalembedwe kake kakutsutsana ndi malamulo aakulu. Sindikunena kuti ulendo uliwonse unali ndi chifukwa chomveka, chifukwa pa mabilu ena anali yekha wodina lachikasu anzake onse atavomereza, ndipo pamenepo wovota wa m'dera lake anali ndi ufulu womufunsa kuti waima pati. Koma kuti chinali chizolowezi chothawa, chiwerengerocho sichikutero.

Mayi Nabanda: Chimene chinamusintha kwenikweni ndi kugonja kwa mu 2000, ndipo anthu achikulire a kummwera kwa Chicago amakukumbukira bwino. Anaganiza zolanda mpando wa ku Washington kwa Bobby Rush, mmodzi mwa amene anayambitsa gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda la Black Panther ku Illinois mu 1968, amene anali paudindowo kuyambira 1993. Obama anaona ngati Rush wafooka chifukwa anali atagonja kwa Richard M. Daley pa mpikisano wa umeya wa Chicago mu 1999. Koma mu Okutobala chaka chomwecho mwana wamwamuna wa Rush anaphedwa ndi mfuti, ndipo anthu a m'deralo anamumvera chisoni bamboyo. Kenako mu Disembala nyumba ya maseneta inaitanidwa mwadzidzidzi kudzavotera lamulo lokhwimitsa chilango cha onyamula mfuti mosaloledwa, Obama ali ku Hawaii kwa agogo ake. Sanabwerere, ponena kuti mwana wake Malia, amene panthawiyo anali ndi chaka chimodzi ndi theka, anali atadwala. Biluyo inagwa ndi mavoti ochepa, ndipo manyuzipepala anamudzudzula kwambiri, pakuti inali nkhani ya mfuti m'dera limene maliro a achinyamata ophedwa ndi mfuti sankasowa. Pamwamba pa zonsezi Pulezidenti Bill Clinton anaikira kumbuyo Rush. Pa zisankho zachipulula za mu Malichi 2000, Rush anapeza mavoti 61 pa 100 alionse, Obama 30. Anatsala ndi ngongole ya kampeni, ndipo ambiri anaganiza kuti ndale zake zathera ku Springfield.

A Gondwe: Apa ndipo pakulowa mwayi umene ndikunenawu. Kalembera wa anthu wa 2000 atatha, malire a madera anayenera kudulidwanso. Malamulo a Illinois amati aphungu akalephera kugwirizana, ntchitoyo imapita ku komiti ya anthu asanu ndi atatu, anayi mbali iyi ndi anayi mbali inayo, ndipo nawonso akakanika, munthu wachisanu ndi chinayi amasankhidwa mwa mayere. Mu 1991 mayere anagwera chipani cha Republican, n'chifukwa chake chinalamulira nyumba ya maseneta zaka khumi. Mu 2001 dzina linatoledwa m'chipewa chofanana ndi chija chachitali cha Abraham Lincoln, ndipo linali la chipani cha Democratic. Mapu atsopano anapatsa chipanicho nyumba ya maseneta pa zisankho za 2002, ndipo dera la Obama linatambasulidwa kulowera kumpoto m'mbali mwa nyanja ya Michigan mpaka kukafika m'madera a anthu olemera a pakati pa mzinda, kumene kuli opereka ndalama za kampeni. Mu Januwale 2003 Emil Jones anakhala mtsogoleri wa nyumba, ndipo anaganiza zomukweza Obama kuti akapikisane pa useneta wa ku Washington. Anamupatsa upampando wa komiti ya zaumoyo, nayamba kumupatsa mabilu amene anzake anali atawalimbikira zaka zambiri popanda kanthu. Hendon anadandaula poyera za bilu yokhudza apolisi oimitsa madalaivala chifukwa cha khungu. Wolima anali wina, wokolola n'kukhala wina. Chikhala kuti dzanja lija linatola pepala linalo m'chipewamo, kodi dzina la Obama tikanalimva?

A Mbewe: Za mayere ndi za Emil Jones sindingatsutse. Koma kupatsidwa bilu n'kosiyana ndi kuidutsitsa, ndipo chitsanzo chabwino ndi lamulo lojambula mafunso a apolisi. Tione kumene linachokera. Kuyambira 1977 kufika 2000 chigawo cha Illinois chinapha akaidi 12 oweruzidwa kuti aphedwe, koma chinamasula 13 amene anapezeka kuti anaweruzidwa molakwika. Anthony Porter anatsala ndi masiku awiri okha kuti aphedwe mu 1998, ndipo anatuluka m'ndende chaka chotsatira ophunzira a utolankhani a ku Northwestern University atafukula nkhani yake. Panalinso nkhani ya Jon Burge, mkulu wa apolisi ofufuza kummwera kwa Chicago, amene anachotsedwa ntchito mu 1993: amuna akuda ambiri anachitira umboni kuti pansi pa ulamuliro wake ankawagwiritsa shoko ya magetsi ndi kuwatseka mpweya ndi pulasitiki kuti avomere milandu. Bwanamkubwa George Ryan, wa chipani cha Republican, anaimitsa kupha akaidi mu Januwale 2000, ndipo mu Januwale 2003, atatsala pang'ono kutsika pampando, anakhululukira amuna anayi amene ankati anazunzidwa ndi apolisi a Burge, nasintha chilango cha akaidi ena 167.

Komiti imene Ryan anakhazikitsa inali italangiza kale mu 2002 kuti mafunso azijambulidwa. Komabe pamene Obama anatenga biluyo, apolisi ankaikana, oimira boma pa milandu ankaikana, maseneta ambiri a zipani zonse ankaopa kuoneka ofewa pa zigawenga, ndipo bwanamkubwa watsopano Rod Blagojevich, wa chipani chake chomwe, anali atanena kuti sakugwirizana nayo. Obama anakhala pansi mobwerezabwereza ndi akuluakulu a apolisi ndi oimira boma, akumva dandaulo lililonse ndi kusintha kalembedwe. Anavomera kuti lamulolo likhudze milandu yakupha yokha, kuti kujambula mawu okha kukhale kololedwa pamene vidiyo palibe, kuti pakhale zifukwa zina zovomerezeka pamene kujambula kwalephereka, ndiponso kuti apolisi apatsidwe zaka ziwiri zokonzekera. Koma mtima wa lamulolo sanaugulitse: chojambulidwa chiyenera kukhala mafunso onse, osati mphindi zomalizira zokha pamene munthu wotopa akubwereza zimene wauzidwa, ndipo mawu osajambulidwa khoti liziyamba ndi kuwakana. Anawaonetsanso apolisiwo kuti tepi imateteza wapolisi wachilungamo pamene woimbidwa mlandu wanama kuti anamenyedwa. Biluyo inadutsa ndi mavoti a zipani zonse ziwiri, Blagojevich anaisainira mu 2003, ndipo Illinois inakhala chigawo choyamba kukhazikitsa zimenezi kudzera m'nyumba ya malamulo, pakuti ku Alaska ndi ku Minnesota anali makhoti amene analamula. Jones akanatha kupereka biluyi kwa wina aliyense, koma sindikhulupirira kuti aliyense akanawabweretsa apolisi patebulo.

Mayi Nangozo: Mfundo ya a Mbewe ndikuimva, komabe kugonjera kumeneko kunali ndi mtengo wake. Munthu woimbidwa mlandu wogwirira kapena wakuba ndi mfuti anatsala m'chipinda chomwecho popanda kamera kwa zaka zina khumi, kufikira pamene lamulolo linakulitsidwa mu 2013. Amene amati Obama ankakonda theka lotheka kuposa chathunthu chovuta ali ndi umboni pamenepa, monganso ali nawo amene amati popanda thekalo sipakanakhala poyambira.

A Chisale: Chimene chikundidabwitsa ndi liwiro la zimene zinatsatira. Mu Okutobala 2002, akadali seneta wa chigawo wosadziwika kunja kwa Chicago, analankhula pa msonkhano wotsutsa nkhondo ya ku Iraq, ndipo mawu amenewo anadzakhala chida chake chachikulu polimbana ndi Hillary Clinton, amene anavotera nkhondoyo. Mu Malichi 2004 anapambana zisankho zachipulula za useneta wa ku Washington ndi mavoti 53 pa 100 alionse, Blair Hull, wachuma amene ankatsogola, atagwa ndi nkhani za kutha kwa banja lake. Jack Ryan wa chipani cha Republican anachokanso pampikisano pa zifukwa zofananirako, ndipo chipanicho chinachita kukatenga Alan Keyes ku Maryland. Mu Julayi analankhula ku msonkhano waukulu wa chipani ku Boston, ndipo mu Novembala anapeza mavoti 70 pa 100 alionse. A Gondwe akhoza kuwerenga mwayi wina kawiri pamenepa.

A Gondwe: Ndauwerenga kale, achimwene, ndipo ndiwonjezerepo dzina la Tony Rezko, wamalonda a nyumba amene anali mmodzi mwa oyamba kumupatsa ndalama za kampeni m'zaka za ku Springfield ndipo anapezeka wolakwa pa milandu ya katangale mu 2008. Obama sanaimbidwe mlandu uliwonse, ndipo m'chigawo chimene George Ryan ndi Blagojevich onse awiri anakathera kundende, chimenecho ndikuchilemekeza. Pa lamulo lojambula mafunso ndikuvomereza kuti ntchito anaigwira ndi manja ake. Chimene sindikuvomereza ndi kumutcha munthu wolimba mtima pa nkhani ya chilango cha imfa, chifukwa iye sanafune kuti chithetsedwe, ndipo ankanena kuti pali milandu ina yoipitsitsa imene chilangocho n'choyenera.

A Tembo: Pamenepo mwanena zoona, a Gondwe. Obama atatula pansi udindo mu Novembala 2004, mpando wa dera la nambala 13 unapatsidwa kwa Kwame Raoul, loya wobadwira ku Chicago kwa makolo ochokera ku Haiti. Raoul ndiye anatsogolera m'nyumba ya maseneta bilu yothetseratu chilango cha imfa, imene Bwanamkubwa Pat Quinn anaisainira mu Malichi 2011. Panthawiyo maloya oimira boma la ku Washington, limene Obama ankalitsogolera, anali akupemphabe chilango chomwecho pa milandu ina.